Kodi nthabwala zanzeru n'za ophunzira okha? Mafunso ndi mayankho

Ndakhala m'zisudzo kuno ku Salima kwa zaka zambiri, poyamba ngati wosewera, pano ngati wophunzitsa achinyamata kupeka ndi kusewera timasewero tifupitifupi toseketsa. Timasewera m'maholo a sukulu, pamsika, nthawi zina pamchenga ku Senga Bay asodzi akamadikira kuti dzuwa lipendeke. Tikamaliza, ena amatsalira n'kuyamba kufunsa, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Ambiri amazungulira pa nkhani imodzi: ngati nthabwala yofuna kuganiza ndi ya anthu apamwamba okha, ndiponso ngati kupatula anthu motero n'kulakwa. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mmene ndimawayankhira.

Mukamati "nthabwala zanzeru" mumatanthauza chiyani?

Ndimatanthauza kasewero komwe wosewera sakutafunira zonse. Amakupatsa nsonga ziwiri za chingwe, iwe n'kumanga mfundo wekha, ndipo kuseka kumabwera pomangapo.

Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anyamata ndi atsikana a gulu lathu anapeka kasewero ka mayi wogulitsa usipa wouma. Wogula akufunsa mtengo wa mulu, mayi akutchula. Wogula akupisa m'thumba, ndipo pamene dzanja likutuluka, mayi wachotsa kale tinsomba titatu pamulupo. Wogula akupisanso kuti awonjezere, mayi akuchotsanso. Pomaliza wogula wanyamula ndalama zodzaza manja onse awiri, pathumba loyala pansi patsala kansomba kamodzi, ndipo onse awiri akukayang'ana mwaulemu ngati anthu oona nkhope pamaliro. Palibe anatchula kwacha, banki kapena boma. Amayi a mumsika anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, chifukwa mfundoyo anaimanga okha.

Kuli nthabwala zinanso: kuterereka n'kugwa, kuika pilo pamimba, mwamuna kuvala diresi n'kumayenda monyang'wa. Nazonso zimaseketsa ndipo sindizinyoza. Kungoti zimathera pomwepo, pamene ya usipa ija anthu anali kuikambabe m'minibasi patapita masiku.

Nanga bwanji anthu ambiri amati zoterezi n'za ophunzira?

Chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti nzeru zimayankhula Chingerezi. Mwana akalephera Chingerezi pamayeso a MSCE satenga satifiketi, ngakhale masamu atawakhoza chotani. Malamulo a dziko amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ana anzeru osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ambirife timakumbukira chilango chomwe tinkalandira kusukulu tikagwidwa tikuyankhula chinenero cha amayi athu.

Zisudzo zinalowanso m'khola lomwelo. Mpikisano waukulu wa masewero m'sukulu za sekondale unali wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo masewero ake anali a m'Chingerezi. Du Chisiza Jr, yemwe anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987 n'kumwalira mu 1999, anatchuka kwambiri ndi masewero a m'Chingerezi, ndipo anthu ankati izi ndiye zisudzo zozama. Kapalepale ndi Pamajiga pawailesi ya MBC, komanso Kwathu Drama Group pasiteji, ankawerengedwa ngati zongosangalatsa anthu wamba. Mpaka lero mnyamata akabwera kudzalowa gulu lathu ali ndi maganizo ozama, amayamba kuwalemba m'Chingerezi, ndipo Chichewa amasungira wantchito wa m'nyumba ndi chidakwa cha m'seweromo. Sanachite kusankha yekha. Anazipeza zili choncho.

Koma si zoona kuti pali nthabwala zomwe munthu wosapita kusukulu sangazimve?

N'zoona ndithu. Chomwe anthu amaiwala n'chakuti palinso nthabwala zomwe munthu wa digiri sangazimve.

Tsiku lina tinasewera pagombe ku Senga Bay, masana, alovi, omwe ndi ogwira ntchito m'maboti a asodzi, atakhala pamithunzi ya maboti, ena akusoka ukonde wa chilimira. Kasewero kake kanali ka bwana wa m'tauni yemwe wapuma pantchito n'kugula boti ndi ukonde ndi ndalama za penshoni. Bwanayo wafika madzulo atavala jekete, wayang'ana kumwamba, waona mwezi wathunthu uli mbee, n'kuuza alovi ake kuti: "Lero ndiye lero, anyamata. Kwawala bwino, nsomba muziziona patali. Nyali musatenge, tisunge ndalama." Asanamalize n'komwe, gombe lonse linali litagwa ndi chikhakhali. Mkulu wina anagwetsa singano yosokera ukonde mumchenga n'kumaifufuza akusekabe. Pambali panga panaima mlendo wochokera ku Lilongwe, munthu wophunzira bwino yemwe anabwera kudzaona ntchito yathu. Anamwetulira mwaulemu, kenako anandinong'oneza kuti, "Achimwene, chaseketsa n'chiyani?" Ndinamufotokozera kuti usipa amaupha usiku wamdima, siginala atakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti nsomba zisonkhane pansi pake, alovi n'kuzinga ndi chilimira. Mwezi ukawala, nyali ilibe mphamvu, nsomba zimabalalika, ndipo asodzi ambiri amapuma. Anagwedeza mutu, koma nthawi yoseka inali itadutsa.

Palibe anati asodzi aja ndi odzikweza poseka zomwe mlendo sanazimve. Koma zikanakhala kuti ophunzira ndiwo akuseka, asodzi ali duu, tikanati nthabwalayo ndi yapamwamba. Apa ndiye pamandipweteka. Nthabwala iliyonse imafuna kuti womvera akhale akudziwa kanthu kena. Ife tinangozolowera kutcha zodziwa za m'kalasi kuti nzeru, za panyanja n'kumati ndi kuzolowera chabe.

Ndiponso kuphiphiritsa si chinthu chobwera ndi sukulu. Nyimbo za anamkungwi zili ndi matanthauzo omwe mwana wosavinidwa amangowadutsa. Gule wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zilombo monga Simoni ndi Maliya zomwe zinabadwa poyang'anitsitsa alendo ndi makhalidwe awo, ndipo wongoonerera amaona kuvina pamene wolowa amamva zambiri. Adzukulu pamaliro ndi asuweni pakhomo amalasana ndi mawu okuluwika, mlendo n'kumangoona mano osadziwa kuti wina walasidwa.

Timamva za magulu akunja monga Monty Python kuti anali a ophunzira. Zinali choncho?

Anali ophunzira, inde. Linali gulu la anthabwala la ku Britain, ndipo pulogalamu yawo inayamba pakanema wa BBC mu 1969. John Cleese, Graham Chapman ndi Eric Idle anaphunzira ku Cambridge, Michael Palin ndi Terry Jones ku Oxford, ndipo wachisanu ndi chimodzi, Terry Gilliam, anachokera ku America. Ku Britain anthu akhala akudandaula kuti mwayi wolowa pawailesi ndi pakanema unkapita kwambiri kwa anyamata ochokera m'mayunivesite awiriwa, ndipo dandaulo limenelo ndimalimvetsa.

Koma taonani kasewero kawo kena ka mu 1972, ka mpira wamiyendo pakati pa anthu oganiza mozama a ku Germany ndi a ku Greece wakale. Wezulo ikulira, osewera onse akungoyendayenda m'bwalo manja kumbuyo, akusinkhasinkha, mpira uli phee pakati. Wodziwa kuti Socrates ndi Archimedes anali ndani amaseka kawiri. Koma mnyamata wakabaza wa pa Kamuzu Road, yemwe amatsatira Bullets ndi Wanderers, angaseke ndithu poona akuluakulu a ndevu akuganiza m'malo momenya mpira. Amene akusekedwa pamenepo ndi ophunzirawo. Khomo lolowera m'nthabwalayo analisiya lotsegula, ndipo ine ndimayesa sewero ndi chimenecho.

Tsono kupatula anthu kumayambira pati?

Nthawi zambiri kumayambira pageti, seweroli lisanayambe. Zisangalalo zikuluzikulu zimabwera kuno kunyanja, m'mahotela a ku Senga Bay, koma mtengo wa tikiti umakhala woti mayi wogulitsa mandasi sangauyerekeze. Anthu a konkuno amamvera kunja kwa mpanda, kapena amalowa ngati operekera zakumwa. Kachiwiri kumabwera ndi chinenero, pamene wosewera walumphira ku Chingerezi pa mawu enieni oseketsawo, theka la holo n'kutsala panjira.

Koma chachikulu ndi funso lakuti akusekedwa ndani. Apa ndili ndi mlandu wanga womwe sindiuiwala. Zaka zapitazo tinaitanidwa kukasangalatsa anthu pamsonkhano wa ogwira ntchito m'maofesi, pahotela ina m'mbali mwa nyanja. Ndinalemba kasewero ka mlonda yemwe akuyesa kulandira alendo m'Chingerezi chothyokathyoka. Ndinakalemba mwaluso, mawu aliwonse olakwika anali ndi tanthauzo lachiwiri, ndipo mabwana anaseka mpaka kumenya matebulo. Ndili pasiteji ndinaponya maso kumbuyo. Pakhomo la holo panaima mlonda weniweni wa pamalopo, bambo wachikulire, chipewa chili m'manja. Sanakwiye. Anangoyang'ana pansi, n'kutuluka pang'onopang'ono. Atsikana operekera tiyi anaima kukhoma, nkhope zili gwaa. Pochoka usiku, bambo yemweyo ndiye anatitsegulira geti n'kunena kuti, "Muyende bwino, aphunzitsi." Ndinalephera kuwayang'ana m'maso.

Kasewero kaja kanali kanzeru, ndipo bambo aja anakamva bwino lomwe. Anamva kuti holo yonse yagwirizana zoti iwo ndi choseketsa chifukwa makolo awo analibe fizi. Sitinakasewerenso.

Kodi kukhala ndi gulu la anthu apamwamba n'koipa nthawi zonse?

Anthu akamafunsa funsoli amasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuvomereza kuti pa ntchito iliyonse pali odziwa kuposa anzawo. Ichi sindichiona choipa, ndipo mudzi uliwonse umachidziwa. Pagule si aliyense amagwira mbalule. Ng'omayo amaipereka kwa yemwe manja ake amatha kuyankhulana ndi mapazi a wovina. Ukafuna bwato umapita kwa mmisiri wodziwa kusema, suchita kuvota. Pabawo pansi pa mtengo wa mango aliyense amadziwa katswiri, ndipo ana amaima kumbuyo kwake kuti aphunzire kutakata. M'zisudzo namonso ndimauza achinyamata mosabisa kuti kasewero aka kapsa, aka n'kosapsa, kabwerere pamoto. Wondiuza kuti masewero onse ndi ofanana ndiye kuti sanakhalepo pabenchi maola awiri akuonera sewero losakonzeka.

Chachiwiri ndi pamene odziwawo amanga mpanda kuti ena asafike pomwe iwo afika, kenako n'kumaloza omwe ali kunja kuti taonani mbuli. Ichi n'choipa, ndipo sindichita kuzungulira. Woimba mbalule amalola mwana kukhala pambali pake, tsiku lina n'kumupatsa ng'oma. Koma mwana wa ku Lifuwu yemwe ali ndi luso lopeka nthabwala, ngati njira yokhayo yofikira pasiteji yaikulu ndi kudziwana ndi anthu a m'mayadi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, luso lake lidzathera m'munda wa mpunga akuseketsa anzake opalira. Dziko limaluza, ndipo omwe ali m'kati mwa mpanda amaluzanso, chifukwa amayamba kuseketsana okhaokha ndi nkhani zomwezomwezo za ma alawansi ndi misonkhano.

Izeki ndi Jakobo anali anzeru kapena ongoseketsa?

Funso limeneli limandidabwitsa nthawi zonse, chifukwa limaganiza kuti ziwirizi sizikhalira limodzi. John Nyanga, yemwe anali Izeki, ndi Eric Mabedi, yemwe anali Jakobo, ankadziwa nthawi yoponya mawu ndi nthawi yokhala chete kuposa ambiri omwe ndinawaonapo. Ankatenga mawu wamba a Chichewa n'kuwatembenuza mpaka atabala tanthauzo lina. Agogo ndi mdzukulu ankaseka pamodzi, aliyense pa chifukwa chake. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, ndipo malo awo akuonekabe.

Tizikumbukiranso nyengo yomwe azisudzo akale anakuliramo. Kuyambira mu 1968 panali lamulo loti masewero ndi mabuku azidutsa kaye ku bungwe lounika, ndipo mawu olunjika ankatha kukutengera kundende. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. M'nyengo yotero woseketsa anaphunzira kunena chinthu osachitchula, ndipo omvera, ophunzira ndi osaphunzira omwe, anaphunzira kumva chomwe sichinanenedwe. Amalawi ndi akatswiri omvera nkhani zokuluwika. Wonena kuti anthu akumudzi sangatsate nthabwala yozama sawadziwa anthuwo.

Ndipo anthabwala a Chichewa anthu amawatenga mozama kuposa mmene ena amaganizira. Bon Kalindo, Winiko uja, anasankhidwa kukhala phungu mu 2014. Michael Usi, yemwe dziko linamudziwa ngati Manganya mu Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024.

Bwanji osangopeka zosavuta kuti aliyense aseke?

Chifukwa kumeneko nakonso ndi kunyoza, kungoti kwavala nkhope yachifundo. Ndaonapo masewero ambiri a uthenga omwe mabungwe amatumiza m'midzi: za kolera, za maukwati a ana, za kusamala nsomba nthawi yoswana. Nkhani zake n'zofunika. Koma kawirikawiri wolemba amakhala ataganiza kale kuti anthu akumudzi ndi ana, ndiye amaika munthu mmodzi wopusa kwambiri, wina wanzeru wovala malaya a bungwe, ndipo pomaliza wanzeruyo amatembenukira kwa anthu n'kuyamba kulalikira. Anthu amaombera m'manja chifukwa a mfumu ali pompo, koma pobwerera kunyumba amakamba zina.

Sizinayambe choncho. A Travelling Theatre a ku Chancellor College, pamodzi ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, atayamba kupita ndi masewero a Chichewa kumidzi, cholinga chinali choti anthu eniake alowe m'sewero, atsutse, apereke maganizo. Njira imeneyo imafuna kuti ukhulupirire kuti womvera ali ndi mutu. Ife tikapatsidwa uthenga woti tikafikitse, ndimapempha chinthu chimodzi: atilole tisamalize ndi ulaliki. Tinachitapo ka bambo yemwe amasamba m'manja mosamala kwambiri, ndi sopo, akamaliza kudya, koma asanadye ayi. Tinangokasiya pomwepo. Mayi wina anakuwa kuchokera kumbuyo kuti, "Amenewo ndi a kwathu!" ndipo mkangano womwe unabuka unatenga nthawi yaitali kuposa seweroli.

Wanthabwala wa ku Malawi akamasewera m'Chingerezi ndiye kuti wataya kwawo?

Ayi. Daliso Chaponda anafika pa nambala yachitatu mu mpikisano wa pakanema wa Britain's Got Talent mu 2017 akuseketsa anthu a ku Britain m'chinenero chawo, ndipo zina mwa nthabwala zake zinkalasa maganizo olakwika omwe azungu ali nawo pa Africa. Munthu amayankhula chinenero cha omwe akhala patsogolo pake. Chomwe ndimakana ndi kusewera m'Chingerezi pa Chipoka, pamaso pa anthu omwe nonse mumalota m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'cholinga chongoonetsa kuti unapita kusukulu.

Mafoni sanathetse vutoli? Lero aliyense akhoza kujambula n'kuika pa Facebook kapena TikTok.

Atsegula khomo lina, ndipo ndikuthokoza. Mtsikana wa ku Nkhotakota akhoza kujambula kasewero kuseri kwa nyumba, mawa n'kuonedwa ndi Amalawi a ku Johannesburg, popanda kupempha chilolezo kwa mwini holo. Koma bandulo ndi ndalama, foni yojambula bwino ndi ndalama, ndipo kumidzi yambiri kutchaja kumene n'kolipira. Ambiri amaonera zomwe awaikira pa memori kadi kumsika, ndiye wosankha amakhala mnyamata wa pakompyuta uja.

Vuto lina ndi liwiro. Pafoni munthu akapanda kuseka m'masekondi oyambirira amadutsa, choncho opeka amathamangira kukuwa, kumenyana ndi kutukwana. Kasewero ngati ka usipa kaja kamafuna kuti woonera adikire mpaka kansomba komaliza. Ndimauza achinyamata kuti ajambule ndithu, koma asasiye kusewera pamaso pa anthu amoyo, chifukwa pamsika ndi pomwe umaphunzira kugwira munthu yemwe ali ndi ufulu wonyamula dengu lake n'kumapita.

Ndimatsogolera gulu la zisudzo pasukulu. Ndingadziwe bwanji kuti kasewero kathu kakupatula anthu?

Musadikire tsiku la chionetsero. Poyeserera komaliza itanani anthu omwe sali a m'kalasi: amayi ophika phala, a mlonda, wogulitsa zitumbuwa pageti, ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri. Inu musayang'ane pasiteji, muyang'ane nkhope zawo. Mukaona mphunzitsi akuseka yekha, funsani enawo chomwe sanamve. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi liwu limodzi lokha kapena dzina limodzi, ndipo mukhoza kulibzala koyambirira kwa sewero kuti pofika pa nthabwalayo aliyense akhale ali nalo kale m'manja. Maganizo ozamawo musawachepetse.

Mukaona kuti amva zonse koma nkhope zagwa, limenelo ndi vuto lina, ndipo silikonzeka posintha liwu. Khalani pansi ndi olembawo muwafunse kuti munthu akusekedwayu walakwa chiyani. Ngati yankho ndi lakuti ndi wadyera, wabodza, wodzimva kapena wakuba, pitirizani, ngakhale atakhala mfumu kapena mphunzitsi wamkulu. Ngati yankho ndi lakuti ndi wosauka, sadziwa Chingerezi, ndi wolumala kapena amachokera kumudzi, kalembedwenso.

Ndipo pokonza tsiku, ganizirani ola. Kuno mukaika sewero madzulo nthawi ya mdima, alovi amakhala akukankhira maboti m'madzi. Ikani masana, kapena dikirani sabata yomwe mwezi ukuwala.